Mmene Mfumu Chosafa Inalowera mu Mtondo

M'dziko la Mpakampaka munali mfumu dzina lake Chosafa Wachitatu. Chosafa Woyamba anafa ndi chifuwa, Wachiwiri anafa ndi m'mimba, koma zimenezi sizinkanenedwa pagulu. Wailesi ya boma inkati onse awiri anangopita kukapuma pang'ono.

Wachitatuyu imfa yokha sinkamudetsa nkhawa kwenikweni. Chinkamuwondetsa n'choti anthu adzamuiwala. Ndiye anayamba kudziimikira zipilala. Choyamba chinali cha mtengo, chachitali ngati nkhokwe zitatu zosanjikiza. Chiswe chinayambira kumapazi, ndipo pofika Khirisimasi mfumu inali itagwada pakati pa msika wa Tapirira. Chachiwiri chinali cha simenti, koma amene anapatsidwa ntchitoyo anathira mchenga wokhawokha, simenti n'kungonunkhiza. Mvula yoyamba inachotsa mphuno, yachiwiri inatenga makutu. Chachitatu chinali cha mkuwa, chochokera kunja pa lole. Chimenechi chinalimba miyezi isanu, kenaka chinayamba kubiriwira, akhwangwala anachisandutsa chimbudzi, ndipo tsiku lina kunacha chilibe dzanja lamanja. Sabata yomweyo pamsika panapezeka zibangili zokongola kwambiri.

Mfumu inaitanitsa nduna zake zonse ku Chikhalire, likulu la dzikolo.

"Kodi m'dziko muno mulibe chinthu chimene sichitha?" inafunsa.

Nduna ya za misewu inayang'ana pansi. Nduna ya za madzi inatsokomola. Ndiye anaimirira a Kamlomo, Mlakatuli Wamkulu wa Ufumu, bambo wowonda wa kolala yothina, amene ankalankhula ngati akuwerenga m'buku ngakhale akupempha mchere.

"Mfumu ya mafumu," anatero a Kamlomo, "mtengo umafumbwa, mwala umasweka, chitsulo chimachita dzimbiri. Nkhondo ikabwera imagwetsa malinga, moto n'kupsereza zotsala. Nthawi ndi fisi wosakhuta, amadya mpaka mafupa. Koma ndakatulo ilibe mphuno yoti mvula n'kuchotsa, ilibe dzanja loti wakuba n'kudula. Malinga anthu ali ndi pakamwa, inu muli moyo."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Patatha mwezi a Kamlomo anabwera ndi ndakatulo ya mizere mazana atatu ndi makumi anayi, mutu wake Dzuwa Losalowa. Lamulo linatuluka tsiku lomwelo: munthu aliyense wamkulu ailoweze pamtima. Pa mlatho uliwonse ndi polowera kumsika anaikapo asilikali. Msilikali akatchula nambala, iwe unene mzere wake. Ukalephera, ulendo wa ku ndende ya Kumbukirani mpaka utaloweza.

"Ine ana anga omwe, obereka ndekha, ndimawasokoneza mayina," anatero mayi wina wogulitsa tomato pa Tapirira. "Ndiitana atatu kuti abwere mmodzi. Nanga mizere mazana atatu?"

"Musanyoze, mayi," anayankha wamakala. "Boma latiganizira. Pepala lake likuyatsa mbaula bwino zedi."

Kuseri kwa msikawo kunali mudzi wa Tilipobe, ndipo m'mudzimo munali mayi wina, Delifa Nachanza. Ana anayi, womaliza Sofina akadali kumsana ndi chimfine chosatha. Msana wakewo unali utayamba kale kumuuza zaka zake. Mwamuna wake Wedisoni anali munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, koma mutu wake unali lichero lobooka. Kumutuma mchere ankabwera ndi sopo. Kumutuma sopo ankabwera ndi nkhani.

Tsiku lina Nachanza anamutuma kumsika kuti akaikitse mpini watsopano pa khasu, popeza mwezi unali wa Okutobala, kum'mawa kwayamba kale kugunda, ndipo munda unali usanasosedwe n'komwe. Mpini anauikitsa, chodabwitsa. Koma pobwerera msilikali wa pa mlatho anati, "Mzere wa mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri, bambo."

Wedisoni ananena mzere woyamba, umene unali wokhawo umene ankaudziwa. Msilikali anapukusa mutu. Wedisoni anaubwereza mokweza, mwina kukweza n'kuthandiza. Anamutenga, ndi khasu lomwe.

Nachanza atamva sanadzigwetse pansi ayi. Analibe nthawi. Anangoima pakhomo, dzanja m'chiuno, kuyang'ana mitambo ya kum'mawa ija. Mwamuna woti aloweze mizere mazana atatu, munthu wosatha kusunga m'mutu mawu amodzi oti "mchere"? Ameneyo ndiye kuti wakafera komweko. Ndipo mvula sidikira munthu. Ikagwa munda uli tchire, chaka chamawa ana anayi aja adzakhala akuyang'ana pakamwa pa anansi.

Tsono ku Mpakampaka kunali mwambo umodzi umene ngakhale mafumu sanaugwedeze. Mkazi sankaloledwa kudandaula kubwalo, koma pa mtondo ankanena chilichonse, bola achiimbe. Apongozi aumbombo, mwamuna woyendayenda, mkazi mnzake wamiseche, onse ankasinjidwa limodzi ndi chimanga, ndipo za pa mtondo sizinkapita kumlandu. Chigayo chinalipo, inde, koma magetsi ake anapita kukapuma limodzi ndi mafumu awiri aja, ndiye amayi ankakonola pamanja monga kale.

M'mawa mwake Nachanza anathira chimanga mu mtondo, n'kuwaza madzi pang'ono. Mlamu wake Nasuluma, mchemwali wa Wedisoni, anaima mbali inayo ndi munsi wake. Minsi inayamba kulandizana, uwu ukatsika uwo ukukwera. Nyimbo inangotuluka yokha, ngati thukuta.

Chosafa iwe, Chosafa,
wanditengera khasu,
watenganso wolima,
ana adye ndakatulo?

Nasuluma sanachite kuuzidwa. Anavomera pomwepo: "Adye, adye, akhute!"

Pofika Lachitatu mitondo yonse ya ku Tilipobe inali pa nyimbo yomweyo. Pofika Loweruka inali itawoloka mtsinje, popanda msilikali aliyense kuifunsa nambala.

Ku Chikhalire zinthu sizinali bwino. Ndende ya Kumbukirani inadzaza mpaka akaidi ena ankaweruka madzulo n'kubweranso m'mawa. Asilikali nawo ankachita kuwerenga papepala, ena atalizondotsa. Mfumu inaitana a Kamlomo.

"Unati mawu safa. Ako aja akufa asanafike n'komwe kumsika. Pita ukafufuze mawu amene akhalitsa kuposa onse m'dziko muno, ubwere undiuze chinsinsi chake."

A Kamlomo anayenda masiku asanu ndi anayi, kolala ili thi, ndipo anabwerera nkhope itagwa. Anafotokoza kuti Chosafa Woyamba anali ndi alakatuli khumi ndi awiri, koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe wokumbukira mzere wawo. Mlatho umene unali ndi dzina lake unapita ndi madzi. Manda ake mukudya mbuzi. Chotsala ndi kanyimbo ka pa mtondo konena kuti chaka cha njala anadya mtedza wa mbewu. Zaka makumi asanu ndi atatu, kanyimboko kali gwa, ngakhale atsikana osatha msinkhu akukadziwa.

"Ndiye kuti agogo anga akadali moyo chifukwa cha mtedza?" inafunsa mfumu.

"Paja mlandu suola, mfumu. Ndipo..." anatero a Kamlomo, "ilipo ina yatsopano. Yatchula inu. Woipeka ndi mayi wina wa ku Tilipobe."

Lole ya boma inafika ku Tilipobe Nachanza akuyanika matewera. Anamukweza iye, Sofina kumsana, Nasuluma, mtondo ndi minsi iwiri. Nachanza ankangoganiza za matewera aja, kuti ikagwa mvula palibe amene awachotse pa chingwe.

Anawaimika pakati pa bwalo la nyumba ya mfumu, nduna zitakhala mozungulira m'mipando ya khushoni. Mfumu inali pa mpando wautali, mapazi osafika bwino pansi.

"Ndiwe wopeka nyimbo uja?"

"Ndine wosinja, mfumu. Nyimbo imangobwera."

"Lero ibwere yonditamanda. Kamlomo, muuze maudindo anga."

"Mtondo wopanda kanthu suimbitsa, mfumu," anatero Nachanza.

Anabweretsa chimanga cha m'nkhokwe ya mfumu, choyera, chosafumbwa, chimene Nachanza anali asanachione chaka chimenecho. A Kamlomo anatambasula pepala: Dzuwa Losalowa, Mkango wa Mapiri Asanu ndi Awiri, Tate wa Mvula, Mwini Nthawi ndi Zonse Zili M'menemo. Nachanza anayesa, asanamiziridwe kuti anakana. Koma asanafike n'komwe pa phiri lachitatu munsi unali utatsika kanayi, mpweya unamuthera, Nasuluma anasokonezeka poyambira, minsi iwiri inagundana m'mwamba, chimanga n'kumwazikira pa nsapato za nduna ya za ulimi, imene inachiyang'ana ngati chinthu chachilendo.

"Munsi sudikira maudindo, mfumu," anatero Nachanza akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndiponso nyimbo yotamanda imatha ndi phwando. Anthu akakhuta, aimba, apita kwawo, aiwala. Imene imakhala ndi ya chinthu chowawa, chifukwa chowawacho umadzuka nacho tsiku lililonse."

"Imba yako ija tsono."

Nasuluma anamunong'oneza, "Mlamu, tili ndi ana."

"Ndiye chifukwa chake," anatero Nachanza, n'kukweza munsi.

Anaimba. Ulendo woyamba Nasuluma anavomerera kukhosi. Ulendo wachiwiri phazi la nduna ya za madzi linayamba kugunda pansi lokha, mwini wake akuliyang'ana mwamantha. Ulendo wachitatu, pamene Nachanza anafunsa ngati ana adye ndakatulo, kuseri kwa mpanda, kukhitchini kwa mfumu, kunamveka mawu a amayi ophika, onse pamodzi: "Adye, adye, akhute!"

Mfumu inakweza dzanja. Minsi inaima.

"Ngakhale m'nyumba mwanga muno yafika," inatero pang'onopang'ono. "Imeneyi ikhala nthawi yaitali bwanji?"

Nachanza anaona ngati khomo latseguka. Anaganiza zoti amuwopseze munthuyu kamodzi n'kamodzi, apite kwawo.

"Malinga mwamuna wanga Wedisoni, bambo a Sofina, ali m'ndende, iimbidwa, mfumu. Akafera momwemo, zidzukulu za zidzukulu zanga zidzaimba dzina lanu pa mtondo, monga aimbira agogo anu ndi mtedza wawo uja. Koma mukawamasula lero, mawa lomwe nyimbo yafa. Munthu suimba za bala loti lapola."

Nkhope ya mfumu inawala ngati ya mwana woona bonya pa mbale.

"Wamva, Kamlomo? Zidzukulu za zidzukulu!" Inatembenukira kwa mkulu wa ndende. "Wedisoni ameneyo asatuluke. Mumupatse bulangeti, adye bwino, asafe msanga. Koma asatuluke mpaka kalekale. Ngakhale ataloweza mizere yonse, mumuuze kuti walakwitsa."

Nduna zinaimirira kuomba m'manja. Nasuluma anagwira pakamwa. Nachanza anazindikira kuti wadzitema yekha ndi nkhwangwa yake. Anali atazolowera kuwopseza ana ndi amuna, anthu oti manyazi ali nawo. Kunja, cha kum'mawa, kunagundanso, pafupi kuposa dzulo. Sofina anadzuka n'kuyamba kulira. Nachanza anamusunthira kutsogolo, anamupukuta mamina, anamubwezera kumsana n'kumanga mbereko mwamphamvu. Pomanga mfundo yachiwiri anali atadziwa chochita.

"Mlamu, nyamulani munsi. Chimanga sichinakonoke."

"Mlamu, mwapenga?"

"Nyamulani."

Minsi inayambanso. Nyimbo inali yomwe ija, mayendedwe omwe aja, koma mawu oyamba anali atasintha.

Kamlomo iwe, Kamlomo,
wanditengera khasu,
watenganso wolima,
ana adye ndakatulo?

"Ima! Ima pomwepo!" Mfumu inatsetsereka pa mpando paja. "Dzina langa walipititsa kuti?"

"Ndalichotsa, mfumu. Ndaganiza bwino, ndaona kuti ndimakulakwirani. Ndakatulo imene yamangitsa bambo a Sofina analemba ndi bambo awa. Ndipo dzina lawo likukhala bwino pa munsi, tamverani: Ka-mlo-mo. Ngati anachita kuyeza."

Anthu onse anatembenukira kwa a Kamlomo. Bamboyo anali atalemba ndakatulo zaka makumi atatu popanda munthu woilakatula osakakamizidwa. Anayesetsa kuoneka wachisoni. Anayang'ana pansi, anakoka kolala, anatsokomola. Koma milomo inamukanika, inangofutukuka yokha mpaka mano onse poyera.

"Ukuseka?" inakuwa mfumu. "Ukufuna kukhala mpaka kalekale, iweyo, pa nyimbo yanga?"

"Ayi, mfumu, ndi... ndi dzino likundiwawa."

"Mayi iwe, ndikulamula! Bwezeramo dzina langa!"

"Lamulani, mfumu. Pano ndiimba zimene mukufuna. Koma kwathu muika msilikali pa mtondo uliwonse? Mitondo m'dziko muno ndi yambiri kuposa mfuti. Ndipo asilikali anuwo amayi awo amasinjanso."

Asanamalize n'komwe, kukhitchini kuja kunamveka wina akuyesera pansipansi, "Kamlomo iwe, Kamlomo," anzake n'kuseka. Mfumu inamva. Inakhala pansi pa sitepe ya mpando wake, ngati munthu amene basi yamusiya.

"Ufuna chiyani?"

"Khasu langa, ndi bambo a Sofina. Khasu liyambe."

"Koma wanena wekha kuti ndikamumasula nyimbo ifa."

"Imeneyo ifa, inde." Nachanza anatsamira munsi, popeza msana unali utayamba. "Koma inu, mfumu, ndinu munthu woti n'kusowetsa amayi choimba? Kuchipatala mwana uyu anamupatsa malangizo m'malo mwa mankhwala. Mjigo wa kwathu unauma chaka chimene munadzautsegulira. Fetereza timangomumva pa wailesi. Inu musavutike ndi kusunga Wedisoni ndi kumudyetsa. Muzingolamulira monga mwa masiku onse. Dzina lanu mu mtondo silidzachokamo."

Maso a mfumu anadzaza misozi.

"Zaka zonsezi," inatero, "palibe ndi mmodzi yemwe mwa inu amene anandiyamikapo chonchi."

Nduna zinaombanso m'manja, popeza sizinkadziwa china chochita ndi manjawo. Tsiku lomwelo panakhazikitsidwa Unduna wa Zodandaulitsa Amayi, ntchito yake kuonetsetsa kuti pa mtondo pasasowe nkhani. Patatha chaka anapeza kuti undunawo ulibe chochita, maunduna enawo anali akuigwira kale ntchitoyo bwinobwino, koma sanauthetse. A Kamlomo anatumizidwa kukakhala kazembe ku chilumba china kumene anthu ake sasinja. Akaidi ena onse a ku Kumbukirani anatsala momwemo. Mfumu inati akazi awo nawonso ali ndi mitondo.

Lole sinawabweze. Anayenda wapansi kuchokera ku Chikhalire, Nasuluma atasenza mtondo, Nachanza minsi ndi mwana, Wedisoni khasu paphewa. Chimanga cha mfumu chija Nachanza anachikokolola chonse, ndi chomwazika pa nsapato za nduna chomwe, n'kuchimanga m'chitenje. Palibe amene anamuletsa.

"Amayi a Sofina," anatero Wedisoni atayandikira mudzi, "mukudziwa kuti kundende kuja ndinafika pa mzere wachisanu ndi chinayi? Tamverani. Inu dzuwa losalowa, inu..."

"Njira ya kumunda ndi iyo."

"Osayamba ndafika pakhomo, ndimweko madzi?"

"Madzi akubwera kumwamba, simukuona? Mukamwa komweko."

Mvula inagwa patatha masiku atatu, munda uli wokonzeka kupatula kangodya kamodzi kamene Wedisoni anaiwala.

Papita zaka zambiri tsopano. Chosafa Wachitatu naye anapita kukapuma pang'ono. Pamene panali chipilala cha mkuwa pali mulu wa zinyalala za msika. Mapepala a Dzuwa Losalowa anathera kukulunga mandasi, ndipo munthu womaliza kudziwa mzere wake woyamba anali Wedisoni, amene anauiwala asanamwalire. Koma a Kamlomo sananame: mawu safa. Dzina la mfumu lija likumveka mpaka lero ku Mpakampaka konse, m'mawa uliwonse, pakhomo lililonse. Ana ambiri sadziwa kuti linali la munthu. Amangodziwa kuti mbuzi ikalowetsa mutu mu mtondo kudya chimanga cha eni, mayi amatola chikuni n'kukuwa: "Chosafa iwe! Choka apo!"